Chitini cha a Mwale

Lachinayi la sabata yachiwiri ya Okutobala, nthawi itangopitirira 11 koloko m'mawa, ndinali kuseri kwa nyumba yathu ku Kabwata, ndikutsuka majakisoni a inki, pamene foni inalira. Anali mayi wina wogulitsa nthochi pokwerera mabasi ku Woodlands. Anati mdala wina wonyamula chitini cha mabisiketi wagwa pafupi ndi tebulo lake, ndipo nambala yanga aipeza pakapepala m'thumba la shati. Pamene ndinkafika kuchipatala, amuna anga, a Mwale, anali atatisiya kale. Nesi anandipatsa nsapato zawo, wotchi, ndi chitinicho. Ndinachitsegula pakhonde pomwepo, ndisanalire n'komwe. Munali makatiriji asanu ndi awiri. Ndinakhudza kathaulo koyalidwa pansi pake, ndipo kanali kakadali konyowa.

Mwina wina anena kuti mkazi uyu analibe chisoni. Chisoni ndinali nacho, ndipo ndikadali nacho ngakhale papita chaka. Koma munthu amene wakhala ndi a Mwale zaka makumi anayi sangagwire chitini chija osayamba waona kathaulo.

Katiriji ndi kabokosi kosunga inki m'kati mwa pulinta. Inki ikatha, anthu ambiri amataya n'kukagula yatsopano, ndipo yatsopanoyo mtengo wake umafuna kufanana ndi wa pulinta yomwe. Ntchito ya a Mwale inali kutolera makatiriji otha inki m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'timaofesi, kuwadzazanso ndi jakisoni, n'kuwabweza kwa eni ake. Ankati katiriji siifa chifukwa inki yatha, imafa chifukwa yauma. Kunsi kwake kuli timabowo tating'ono kuposa tsitsi, ndipo inki yotsalira ikaumira m'menemo, kutsegulanso n'kovuta. N'chifukwa chake ankawayendetsa m'chitini chotseka bwino, pa kathaulo konyowa, ndipo palibe inkagona masiku awiri isanadzazidwe. Chimene ankanyadira pa ntchito yonseyi chinali chimodzi: palibe katiriji inalowa m'chitini chawo n'kubwerera kwa mwini wake itafa.

Pofika madzulo a tsiku lomwelo nyumba inali itadzaza. Mipando anaitulutsa panja kwa azibambo, ine anandikhazika pa matiresi pakona, azimayi a mpingo atandizungulira. Mlongo wawo wa a Mwale, alamu anga a Tikambenji, anabwera kuchokera ku Libala n'kuchita zimene mwambo umafuna. Anasonkhanitsa zonse za malemu, zovala, nsapato, mabotolo a inki, n'kuzitsekera m'chipinda chathu mpaka tsiku logawa katundu. Chitini anachichotsa pamiyendo panga. Kiyi anaimangirira kunsonga ya chitenje chawo.

Ndinawaitana chapansipansi. "Alamu, chitinicho musachitsekere. Kathaulo kadzafuna madzi."

"Mwamuna ali m'mochale, inu mukuganiza za bizinesi?" Anandiyang'ana, kenako anayang'ana azimayi aja kuti nawonso amve. "Khalani pansi mulire mnzanu."

Anati maliro aikidwa Lolemba, chifukwa Loweruka ndi Sabata, ndiponso abale a ku Katete anali asanafike. Chipinda chathu chija n'chamalata opanda siling'i, ndipo dzuwa la Okutobala limachiwotcha kuyambira masana mpaka kulowa. Ndinawerenga masiku ndi zala pansi pa chitenje. A Mwale akanamva zimenezi, sakanakhala pansi ngakhale mphindi imodzi.

Kukhala pansi sankakudziwa. Tiyi ankamwa ataimirira pakhomo. M'tchalitchi ankakhala kumapeto kwa benchi, mwendo ukugwedezeka, ndipo ulaliki ukatalika ankatuluka kukaona ngati mpopi wa panja watsekedwa bwino. Mlendo akabwera, ankamupatsa mpando, iwo n'kumacheza akuzungulira chipinda, mpaka mlendoyo khosi linkamupweteka powatsatira. Poyamba anali wokonza makina a taipi pakampani ina ku Heavy Industrial Area. Makompyuta atabwera, anawauza kuti akapume. Chaka chimenecho sindidzachiiwala. Anamasula maloko onse a m'nyumba n'kuwabwezera, ngakhale panalibe lovuta. Anamasula wailesi, nsimbi, ndi makina anga osokera. Ankachoka m'mawa wapansi kupita ku tauni popanda chokachita, n'kubwerako fumbi mpaka m'mawondo.

Tsiku lina anabwera ndi timabokosi takuda tisanu m'thumba la jekete. Anatitola m'bini kuseri kwa ofesi ina m'tauni. Anatenga kasowo n'kudula kamodzi pakati, pa mpando wanga wa kukhitchini.

"Naphiri, tabwerani muone. Muli siponji basi."

"Ndiye?"

"Ndiye anthu akutaya kabokosi kabwinobwino chifukwa siponji yamva ludzu."

"Mpando wanga mwaudetsa."

"Mpando umenewu walembedwa ntchito lero."

Anaphunzira mwa kuononga timabokosi totola tomweto. Akathira inki yambiri, inkadontha. Akathira mofulumira, munkalowa mpweya, zilembo n'kumadumpha. Miyezi itatu tinkadya pa tebulo la madontho, ndipo nsalu zanga za mbale zonse zinasanduka zamaluwa. Atadziwa bwino, m'pamene anayamba kugogoda m'makomo a anthu. Lolemba ndi Lachinayi ankazungulira, ku Libala, ku Woodlands, m'tauni, mpaka ku Northmead, basi n'kukwera pokhapokha mvula ikagwa. Lachiwiri ndi Lachisanu ankadzaza. Lachitatu ndi Lamlungu ankabweza.

Sanali munthu wofewa kwa makasitomala. Asanalandire katiriji, ankaiyang'ana kunsi ndi kagalasi kokulitsa zinthu kamene anatsala nako ku ntchito ya mataipi. Akaona kuti mkuwa wake wapsa kapena wakalika, ankakana pomwepo, nati iyi yatopa, kaguleni yatsopano, sindidya ndalama ya munthu pa chinthu chakufa. Wosindikiza mpaka pepala kutuluka loyera ankamukalipira ngati mwana. Ankati ukaona zilembo zayamba kutuwa, leka, chifukwa pulinta yoyenda popanda inki imawotcha timabowo tija. Wosunga katiriji yotha m'dirowa mwezi wathunthu ankamufunsa ngati iyeyo angakhale mwezi osamwa madzi. Mphunzitsi wamkulu wa kasukulu kena ku Libala anamuimika pamaso pa aphunzitsi ake, n'kumuonetsa mmene amakulungira katiriji m'pulasitiki, ndipo anamubwerezetsa kawiri. Anthuwo ankang'ung'udza, koma Lolemba lotsatira ankawadikirira pakhomo.

Amene ankawakwiyitsa zedi anali ogulitsa makatiriji a gong'a m'makhonde a m'tauni, odzaza theka n'kukulunga m'bokosi looneka ngati la m'sitolo. Ankati iwo amadzaza ndipo amanena poyera kuti adzaza, koma wobisa yakale m'bokosi latsopano ndi wakuba, ngakhale atavala tayi.

Katiriji yotopa, mwini wake akati itayeni, ankaiika m'thumba la jekete, osati m'chitini. Koma sankataya. Ankati zikatayidwa kudzala ana amatola n'kumayamwa inki, ndipo zikawotchedwa utsi wake ndi woipa. Ankaziponya m'saka la ufa kuseri kwa chitseko, ati tsiku lina kudzabwera munthu wodziwa chochita nazo. Saka limenelo tinakanganirana zaka zambiri. Ndinalitulutsapo katatu, katatu konse ndinalipeza labwerera pamalo pake, iwo akuimba mluzu.

Manja awo sankayera. Tsiku la mgonero, posambitsana mapazi, anzawo ankaseka kuti amene wasambitsidwa ndi a Mwale amatuluka ndi zidendene zabuluu. Mwana wathu Tiyese, amene amakhala ku Chelstone ndipo amagwira ntchito pa ofesi ina m'tauni, zimenezi sizinkamuseketsa.

"Ba Dadi, muzipumulako," anatero tsiku lina. "Manje kuli ma pulinta ya matanki, muntu amangothila yeka inki. Iyi nchito yanu yasila."

"Aphunzitsi a ku Libala ali ndi thanki? Mlembi wa tchalitchi ali ndi thanki? Amene ali ndi pulinta yakale aleke kusindikiza chifukwa iwe wagula yatsopano?"

"Bwelani munkale ku Chelstone. Kuli sofa, kuli TV."

"Sofa imeneyo undisungire. Ndikadzafa mudzakhazikepo olira."

Tiyese anachoka atakwiya, ndipo iwo anamuperekeza mpaka pa basi, atamunyamulira chikwama ndi manja omwe aja.

Chimene chinasintha nyumba yathu chinachitika zaka ziwiri asanamwalire. Pa msika wa Kabwata pali kashopu ka Bana Chanda, mayi wa ku Luapula amene amataipa makalata ndi kusindikiza makhadi. Ndiye anali kasitomala wawo woyamba, ndipo ankatukwanizana ngati pachibale. Lachisanu lina m'mawa anafika pakhomo pathu osagogoda, mulu wa makhadi uli m'manja. Anali makhadi a ukwati wa banja lina la ku Kabulonga, okhala ndi chithunzi cha akwati. Anali ataika katiriji ya mitundu imene a Mwale anamudzazira, n'kusiya pulinta ikuyenda iye akuthandiza anthu ena. Pocheuka anapeza makhadi onse atatuluka nkhope zobiriwira, thambo la kumbuyo lofiira.

"Ba Mwale, onani vamene mwanichita. Uyu ni mkwatibwi olo ni ndiwo ya chibwabwa?"

A Mwale anatenga khadi limodzi, analiyandikiza kumaso, analitalikitsa. "Pulinta yanu ndi yakuda m'kati. Ndinakuuzani kale kuti muzipukuta."

"Pulinta yanga ilibe mulandu. Ukwati ni mailo, bene bake bazabwela kumazulo. Nizabauza chani?"

"Zaka zonsezi ndinakuonongeranipo katiriji?"

"Ndiye chamene nadabwa, ba shikulu."

Anasiya makhadi ndi katirijiyo patebulo n'kutuluka. A Mwale anaima pomwepo, khadi lili m'manja. Sanazungulire chipinda monga mwa masiku onse, ndipo ichi n'chimene chinandiopsa.

"Naphiri, nkhope izi zili bwanji?"

"Zobiriwira."

"Kwambiri?"

"Ngati masamba."

Anandanda mabotolo atatu a inki ya mitundu patebulo. Katiriji ya mitundu ili ndi zipinda zitatu, chachikasu, chofiira ndi chabuluu, ndipo chilichonse chili ndi kabowo kake pamwamba. M'botolo, inki yofiira ndi yabuluu zonse zimaoneka zakuda, ndipo timapepala tolembapo mayina tinali titadetsedwa kalekale. Iwo ankaviika kamtengo ka machesi m'botolo ndi m'kabowo, n'kuona mtundu wake.

"Lofiira ndi liti?" anandifunsa.

Ndinaloza. Chala chawo chinali pa labuluu.

"Kuyambira liti?" ndinafunsa.

"Kuyambira mvula yatha ija. Zonse zikuoneka ngati tiyi."

Anavala jekete. Ndinatseka nyumba n'kuwatsatira, ndipo sanandibweze. Tinakwera basi mpaka m'tauni, tinalowa m'sitolo ina yogulitsa zinthu za makompyuta. Munthu amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anakalipira anthu chifukwa chotaya makatiriji amoyo n'kugula atsopano, tsiku limenelo anaima pamzere kuti agule. Wogulitsa anawazindikira.

"Ba dokota ba ma katiliji. Lelo jakisoni yakana?"

Ena m'sitolomo anaseka. A Mwale anatchula nambala ya katiriji, analipira, anafunsanso mapepala olimba a makhadi. Bokosi analigwira ndi zala ziwiri ngati likutentha. Titafika pa kashopu ka Bana Chanda, anaika okha katirijiyo m'pulinta, mopapasa, n'kuima mpaka khadi loyamba litatuluka. Analitenga n'kuliyang'ana ngati akuliona, kenako anandicheukira pang'ono. Ndinagwedeza mutu kwambiri kuti aone. Akwati anali ndi nkhope za anthu.

"Yanu ija ndikubwezerani sabata ya mawa," anamuuza. "Sinafe. Yangomwa zolakwika."

Anaitsuka sabata yathunthu ndi madzi ofunda, kupopa ndi kukoka ndi jakisoni, ine ndikuwauza ngati madzi otulukawo ayera. Anaibweza yamoyo. Koma atangoibweza, anaika chitini pamwamba pa kabati ya zovala. Kuchipatala anati ndi shuga wadya maso, ndipo chimene chapita sichibwerera. Ankaona msewu, ankaona munthu akubwera, koma mitundu ndi tinthu tating'ono ayi. Masiku atatu anayenda m'nyumba, kukhomo, kuwindo, kukhomo. Tsiku lachinayi ndinawapeza ayamba kumasula loko wa kubafa.

Ine sukulu ndinalekeza giredi folo, koma mfundo ndimazidziwa. Ndinatenga ulusi wosokera masaka n'kumanga m'khosi mwa botolo lililonse ndi pa jakisoni wake. Mfundo imodzi, yachikasu. Ziwiri, yofiira. Zitatu, yabuluu. Yakuda yopanda mfundo. Ndinatsitsa chitini n'kuchiika patebulo.

"Papasani," ndinatero.

Anapapasa nthawi yaitali. "Nanga timabowo? Pamenepo mumanga ulusi?"

"Pamenepo pali ine."

Poyamba ndinkangoviika kamtengo ka machesi n'kuwauza mtundu. Kenako ndinkawagwira dzanja polowetsa singano. Pamapeto singano ndinkagwira ndine, iwo ataima kumbuyo kwanga akundilamula. Pang'onopang'ono, Naphiri, si msuzi umenewo. Singano ifike pakati pa siponji, isakhudze pansi. Ndikatha ankainyamula katirijiyo m'dzanja n'kudziwa ndi kulemera kwake ngati yakwana. Kenako ankaidinda pa tishu yonyowa. Katiriji ya mitundu yamoyo imasiya mizere itatu. "Ingati?" ankafunsa. "Itatu." "Yoyera?" "Yoyera." M'pamene ankapuma mpweya.

Analamula chinthu chimodzi, kuti pasapezeke wodziwa, ngakhale Tiyese, ndipo ndinalonjeza. Ankati ndani angapereke katiriji yake kwa wakhungu. Pogwira ntchito tinkatseka katani. Kwa makasitomala anakhazikitsa lamulo latsopano, loti aliyense azilemba yekha dzina lake pakapepala n'kukulunga pamodzi ndi katiriji, ati anthu achuluka. Kagalasi kaja ankakatulutsabe pamaso pawo, n'kumayang'anamo mwaulemu wonse, pamene chimene chinkawauza zoona chinali chikhadabo cha chala chachikulu, chokanda mkuwa. Zaka ziwiri tinagwira choncho, ndipo palibe inabwerera itafa. Iwo anamwalira akukhulupirira kuti chinsinsi chawo chili pakati pa anthu awiri.

Pa matiresi paja, Lachisanu linapita, Sabata linapita. Azimayi ankaimba, ine ndinkamva malata a chipinda chathu akuthetheka ndi dzuwa. Ndikatembenukira uku, ndikatembenukira uko, ankati mayiyu chisoni chamugwira msana, n'kundisisita. Ndinkaganiza za anthu asanu ndi awiri amene anapereka makatiriji awo kwa a Mwale m'mawa wa Lachinayi, ndi zimene adzanena akadzalandira zouma: kuti mdala uja pamapeto pake anali atayamba kulephera.

Lamlungu m'mawa kunabwera Bana Chanda. Anagwada pafupi ndi matiresi, analira monga amalirira anthu akwawo, mokweza. Atatha anapukuta m'maso n'kuyandikira khutu langa.

"Chitini chili kuti?"

Ndinaloza chitseko ndi maso. Anadzuka, anakonza chitenje, n'kupita kwa alamu.

"Ba mayo, pepani na malilo. Koma mu chipinda umo muli katundu wa bantu. Si wa ba Mwale, ni wa bantu. Yanga ilimo, na ya ba sukulu. Vikaonongeka, bazakamba ati banja inadya vintu va bene."

"Pamaliro pano mukufunsa katundu?" anatero alamu.

"Pa malilo pano ndiye pali mboni."

Azimayi analeka kuimba. Alamu anayang'ana uku ndi uku, anang'ung'udza za anthu a m'tauni opanda mwambo, koma anamasula kiyi. Bana Chanda anabwera nacho chitini n'kukhala pafupi nane, msana wake utatitchinga. Kathaulo kanali kouma gwa. Anatenga kapu ya madzi imene anandiikira kuti ndizimwa, anakanyowetsa, anakafinya, n'kukayalanso. Ndinawerenga mayina pa timapepala, limodzi limodzi, monga ndimawerengera ine.

"Yanu mulibe," ndinanong'ona.

"Niziba."

"Tsopano adzaza ndani?" Ndinafunsa choncho chifukwa ndinali ndisanamasuke ku lonjezo langa.

Anagwira dzanja langa lamanja n'kulitembenuza. M'zikhadabo munali mwabuluu, m'mizere ya chala munali mofiira.

"Aba bamene bakhala bazaza zaka zibili."

"Munkadziwa?"

"Kabwata yonse iziba. Ba Mwale manja yanayamba kuyela, yanu yanayamba kuda. Tomato mu msika mumagula na manja ya ndani?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Kuti bankale pansi? Bangafe na mwezi umozi."

Ndinakumbukira mphunzitsi wamkulu uja akulemba dzina lake pakapepala ndi zilembo zazikulu ngati za ana, ndi onse amene ankaima chete a Mwale akuyang'ana m'kagalasi. Pamenepo ndi pamene ndinalira. Alamu anamva, nati tsopano wayamba kulira mwamuna wake.

Tinawaika Lolemba. Lachiwiri anagawa katundu. Jekete inapita ku Katete, wotchi kwa mwana wa alamu. Mabotolo, majakisoni ndi saka la kuseri kwa chitseko panalibe anazifuna. Lachitatu, alendo akadali m'nyumba, ndinakhala patebulo. Ndinafunditsa madzi, ndinathira pang'ono m'sosala, n'kuimika makatiriji timabowo tili m'madzi, monga ankachitira iwo ndi ouma. Anayi akuda anadzuka tsiku lomwelo. Awiri a mitundu anadzuka m'mawa mwake, mizere itatu, yoyera. Kumbuyo kwanga kunalibe wofunsa kuti ingati, koma ndinayankhabe.

Yachisanu ndi chiwiri inali ya mitundu, ya a Simfukwe, mphunzitsi wopuma wa ku Woodlands amene amasindikiza mapu ndi zithunzi za ana amene amawaphunzitsa pakhonde pake. Ndiyo inali pamwamba m'chitini, yomaliza imene a Mwale analandira asanagwe. Chachikasu chinatuluka, chofiira chinatuluka, chabuluu ayi. Ndinaiviika, ndinaikoka ndi jakisoni, ndinaiviikanso. Masiku anayi ndinalimbana nayo, ndikudzuka patebulo, kupita kukhomo, kubwerera. Tiyese anandiona nati, "Ba Mami, mwayamba kuyenda monga ba Dadi." Pa tishu panali mizere iwiri basi.

Alamu anati wamasiye satuluka mwezi usanathe. Ndinavala duku langa lakuda n'kutuluka. Ndinayamba ndapita m'tauni, m'sitolo ija, kukagula yatsopano, monga anachitira iwo. Wogulitsa uja anayang'ana duku, anayang'ana manja anga, ndipo sanaseke. Kenako ndinakwera basi ya ku Woodlands. Ndinatsikira pamene anagwera, ndinathokoza mayi wa nthochi, n'kufunsa njira.

A Simfukwe anandilandira pakhonde. Ndinaika makatiriji awiriwo patebulo lawo, yatsopano ndi yakufa.

"Iyi inalowa m'chitini yamoyo," ndinawauza. "A Mwale anaisiya pa kathaulo konyowa, ndinakakhudza ndekha. Yafera m'manja mwanga, osati mwawo. Ndikufuna mudziwe zimenezo, ndipo wina akafunsa mumuuze choncho."

Anaitembenuza, anayang'ana kunsi kwake. "Nizabauza," anatero. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi katiriji yakuda yokulunga m'pulasitiki, dzina atalemba kale pakapepala. "Iyi yayamba kutuwa lelo kuseni. Naleka pamene apo, monga mwamene bananipunzisa. Ba Mwale banali kupita pano pa Chinayi."

"Lachinayi ndizipita ndine."

"Nanga iyi yakufa? Itayeni chabe."

Yamoyo ndinaiika m'chitini. Yakufa ndinaimanga kunsonga ya chitenje.

Tebulo likadali pansi pa windo, ndi madontho ake a zaka zonse. Mpando ulipo umodzi, wanga wa kukhitchini uja, ndipo dontho loyamba likuonekabe. Wawo palibe, chifukwa sanakhalepo nawo. Chimene chilipo ndi malo pa simenti, kumbuyo kwa mpandowo chakumanzere, pamene ankaima akusinthasintha miyendo. Paperepeseka, ndipo polishi sagwirapo. Posesa ndimapazungulira, sindidziwa chifukwa chake. Kagalasi kali pa msomali. Mabotolo akadali ndi ulusi wa mfundo, ngakhale maso anga amaona bwino, ndipo ndikagula botolo latsopano ndimamanganso. Saka lili kuseri kwa chitseko, ndi katiriji ya a Simfukwe pamwamba. Munthu wodziwa chochita nazo sanabwerebe.

Lolemba ndi Lachinayi ndimazungulira ndi chitini. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimadzaza, katani ili yotsegula.